Dalaivala wa Makompyuta Akale a ku Rivirivi

Ndinafika pa sekondale yoyendera ya ku Rivirivi nditangokwatira kumene, ndipo ntchito yanga inali ya masamu. Za makompyuta zinachita kundigwera. A hedi athu, mayi wamtali wa Chikatolika amene anabadwira komweko m'mbali mwa mtsinje, anamva kuti ku koleji ndinkakonda kutaya nthawi m'chipinda cha makompyuta. Tsiku lina anandiitanitsa ku ofesi, nandipatsa makiyi, n'kunena kuti katundu akubwera Lachisanu ndipo womuyang'anira ndine.

Katunduyo anali makompyuta akale a pa desiki, otuwa, olemera moti mwana wa Fomu 1 sakanatha kunyamula yekha. Anachokera ku ofesi ina ya kunja imene inatsekedwa, ndipo anadutsa m'manja mwa anthu ambiri akufuna kwabwino asanatipeze. Nditatsegula imodzi ndinapeza fumbi lakuda la dziko lina litamatirira pa fani. Munali dongosolo loyendetsera kompyuta laulere lija, lopanda mwini mmodzi, lolembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Ana athu ambiri anali a alimi a thonje ndi chimanga, ena oyenda mtunda wautali ndithu kuti afike pa sukulu. Ndimakumbukira mmene ankagwirira mausi poyamba, ndi zala ziwiri, ngati atola khala la moto. Chaka chisanathe anali atayamba kale kukanganirana mipando.

Zinayenda bwino kwa zaka zingapo. Vuto linabwera silabasi itasintha, pamene mayeso a Fomu 4 anafuna mapulogalamu atsopano amene ankakana kulowa m'dongosolo lathu lakale lija. Panafunika kusintha zonse. Ku Rivirivi intaneti inali ya pa foni basi, yochita kuifunafuna pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Koma achemwali anga aakulu ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ku Machinga Boma, kumene intaneti inali yodalirika. Loweruka lina ndinakwera minibasi kudzera ku Liwonde, n'kukakopera dongosolo latsopano pa fulashi.

Ndinaliika pa kompyuta imodzi kaye. Inayaka bwinobwino, fani ikulira monga mwa masiku onse, timizere ta malemba oyera tikuthamanga pa sikirini. Kenako, pamene pankayenera kutuluka chithunzi, sikirini inangoti bii. Ndinayesa pa ina, chimodzimodzi. Panali njira yoiyatsira mozemba, koma malemba ankatuluka aakulu ngati a pa chikwangwani cha pamsewu, theka la tsamba likusowa, ndipo ukasuntha windo inkachita kukwawa. Mwana sakanalemba mayeso pa chinthu chotero.

A hedi sanafune kumva zambiri. Anandifunsa chinthu chimodzi.

"Aphunzitsi, anawa tiwalembetse phunziroli kapena tiwachotse? Mundiuze zoona, ndisanamize makolo."

Ndinawapempha kuti andipatse mpaka kumapeto kwa teremu. Anavomera, koma ananena kuti tsikulo likadzafika sadzandifunsanso kawiri.

Ndinayamba kuwerenga, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi. Pakati pa mapulogalamu onse a m'kompyuta pali phata lake, limene amati kenelo. Ndi kenelo yokha imene imalankhula ndi zitsulo. Mapulogalamu ena onse amapempha kudzera kwa iyo. M'kati mwa bokosi muli kachipangizo kamene ntchito yake n'kujambula chilichonse chooneka pa sikirini, chipu cha zithunzi. Mtundu uliwonse wa chipu uli ndi kamvedwe kakekake, ndiye mu kenelo mumakhala kachigawo kolembedwa dala kuti kazilankhula nawo. Kachigawo kameneka amati dalaivala. Dalaivala wa chipu chathu analimo mu kenelo yatsopanoyo, koma penapake m'zaka za m'mbuyomo, anthu akukonza zina, anathyoka popanda wodziwa.

Anthu olemba kenelo amakambirana poyera, pa bwalo la maimelo limene aliyense angathe kuwerenga. Ndinalemba nambala ya chipu chathu pofufuzira, nditaima pa chulu paja dzuwa lili pamutu, ndipo chimene chinatuluka chinali uthenga wa posachedwapa. Munthu wina ankapempha kuti dalaivala ameneyu achotsedwe mu kenelo. Mfundo yake inali yomveka: chinthuchi chakhala chothyoka nthawi yaitali ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wadandaula, ndiye kuti palibenso amene akuchigwiritsa ntchito. Ena angapo anali atavomereza kale. Ndinawerenga mobwereza, thukuta likugwera pa foni. Sanali anthu oipa ayi. Ankanena zimene ankaona ali kumene anali. Ife sitinadandaule chifukwa sitinkadziwa n'komwe kuti kuli khomo loti munthu n'kugogodapo.

Ndinazengereza kulemba. Amene ankalankhula pabwalopo ankayankhana mwachidule, nthawi zina mokalipa, ndipo ine ndinali mphunzitsi wa masamu wa kumudzi, wa Chingerezi cha m'kalasi. Mkazi wanga ndi amene anandikankha. Anati ngakhale akandinyoze sadzandiona nkhope, ndiye chochititsa manyazi n'chiyani. Ndinalemba mizere yochepa: kuti ndine mphunzitsi ku Malawi, kuti tili ndi chipinda chodzaza makompyuta a chipu chimenechi, kuti ana akuyembekeza mayeso, ndiponso kuti kulemba dalaivala sindidziwa koma ndingathe kuyesa chilichonse chimene angandiuze.

Yankho linabwera mawa lake, lochokera kwa munthu amene anali asanalankhulepo pa nkhaniyo. Anati ndi iwo analemba dalaivalayo ali achinyamata, ndipo kompyuta yawo yomaliza ya mtundu umenewo inafa kalekale, n'chifukwa chake sanaone kuti chinthucho chathyoka. Anapempha anzawo kuti adikire kaye. Kwa ine analemba kuti: "Ine ndili ndi malemba a dalaivala koma ndilibe chitsulo. Inu muli ndi chitsulo. Muzindiuza zimene mukuona, osati zimene mukuganiza kuti zikuchitika."

Bambo amenewa sindinawaonepo nkhope, ngakhale mawu awo sindinawamvepo. Ndinkangodziwa kuti ndi achikulire, opuma pa ntchito, okhala ku dziko lozizira.

Njira yawo inali yofuna kuleza mtima. Popeza kenelo yakale inkagwira ndipo yatsopano inkakana, cholakwikacho chinalowa penapake pakati. Ankandiuza kuti nditenge kenelo ya pakatikati, ndiimange, ndiyatse kompyuta, ndiwauze ngati chithunzi chatuluka kapena iyayi. Ndikawauza, ankadulanso mtunda wotsalawo pakati. Masamu ake ndinawamva msanga. Chovuta chinali kumangako. Kumanga kenelo ndiko kusandutsa malemba a anthu kukhala chinthu chimene makina angamve, ndipo pa makompyuta athu okalambawo ntchitoyi inkadya tsiku lonse. Magetsi akathima pakati, ndiye kuyambiranso.

Nthawi yonseyi ana ankabwerabe ku phunziro. Ndinkajambula sikirini pa bolodi ndi choko, mawindo ake ndi mabatani ake, n'kumafotokoza kuti ukadina apa pamatuluka chakuti. Ankakopera m'makope mwawo mosadandaula, kumbuyo kwawo makompyuta ali ndii, ophimbidwa ndi nsalu. Bambo wina, kholo la mtsikana wa Fomu 4, anabwera pa njinga kudzafunsa ngati n'zoona kuti makina afa. Anati mwana wake ndi phunziro lokhali limene amalikamba kunyumba. Ndinamuuza kuti sanafe, akudwala, ndipo pali munthu kunja amene akutithandiza. Anathokoza, n'kukwera njinga yake.

Kuti zinthu zifulumire, achemwali anapempha chilolezo kwa abwana awo kuti Loweruka ndizikhala pa kona ya ofesi yawo, kumene kunali kompyuta yamphamvu yomangira. Ndinkakulunga bokosi limodzi m'chitenje cha mkazi wanga n'kulifungata pamiyendo mu minibasi. Pa rodibuloko apolisi ankandiuza kuti ndimasule, ndipo mmodzi anandifunsa ngati chinthu chokalamba chonchi chimagwirabe ntchito. Ndinati n'zimene ndikupita kukaona. Tikawoloka Shire n'kuyamba kukwera cha ku Machinga, mphepo inkasintha, kutentha kwa ku Balaka n'kutsala m'mbuyo, mapiri ndi mitengo zili mbali zonse. Achemwali ankandilandira ndi tiyi ndi chinangwa chophika, n'kumandiseka m'Chiyao kuti ndanyamula chitsulo ngati mwana wopita naye ku sikelo.

Kufotokoza zimene ndikuona kunali kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Nthawi ina ndinalemba kuti sikirini yathima. Bambo aja anandifunsa ngati yathima ngati yozimitsa, kapena ndi yakuda koma kuwala kuli kumbuyo. Ndinatseka makatani n'kuyang'anitsitsa: kuwala kunalipo, kochepa kwambiri. Anati zimenezo n'zosiyana kutalitali, ndiye kuti chipu chili moyo koma chikutumiza chithunzi pa liwiro limene sikirini singathe kulandira. Nthawi ina panatuluka mizere, ine n'kulemba kuti ndi yobiriwira. Anafunsa ngati ndi yobiriwira ngati udzu kapena yopita ku mtundu wa thambo, ngati yaima kapena yagona, ngati ikunjenjemera. Chilichonse mwa zimenezi chinkawalozera malo ena m'malemba awo. Ndinaphunzira kukhala pansi n'kuyang'ana kaye ndisanalembe.

Tsiku lina ndinawatumizira chithunzi cha pa foni chimene ndinajambula ku sukulu. Munalowanso windo la chipinda chathu, ndipo panja pankaoneka mlambe wa kuseri kwa makalasi. Pansi pa malangizo awo a tsikulo anawonjezera mzere umodzi, kufunsa dzina la mtengowo. Ndinawauza, n'kufotokozanso kuti ana amaswa zipatso zake pa mwala nthawi yopuma. Anayankha kuti anaumvapo koma sanauonepo, kenako n'kubwerera ku nkhani ya chipu. Kucheza kwathu kunali kotere, kochepa.

Cholakwikacho tinachipeza teremu ili pafupi kutha. Chinali chaching'ono zomvetsa chisoni. Munthu wina, pokonzera mitundu yatsopano ya chipu, anasintha kawerengedwe ka liwiro lotumizira chithunzi, osadziwa kuti mitundu yakale imawerenga mosiyana. Bambo aja anatumiza chigamba, ndilo dzina limene amatchula timizere tokonzera malo othyoka. Choyamba sichinathandize, chithunzi chinatuluka chopindika ngati nsalu yoyanika pa mphepo. Anapepesa, nati anaiwala mmene iwo eni analembera. Chachiwiri chinafika Loweruka lotsatira. Ndinachimata, ndinamanga, n'kuyatsa. Anali masana, pa boma pali zii, kumsika kokha kukumveka mawailesi ndi oitanira minibasi za ku Zomba. Malemba oyera anathamanga, sikirini inaphethira, kenako chithunzi chinatuluka chathunthu, zilembo zing'onozing'ono zowerengeka bwino, kamuvi ka mausi kakuyenda mosadodoma. Achemwali anasiya zimene ankachita, anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, nati Alhamdulillah motsitsa mawu. Kenako ndinalemba zimene ndaona, mwadongosolo monga bambo aja anandizoloweza. Yankho lawo linali lakuti: "Zabwino. Tsopano yesani pa ina, mwina imeneyo yangochita mwayi."

Ndinayesa pa zonse. Lolemba ndinawauza a hedi kuti awalembetse ana. Chaka chimenecho analemba mayeso pa makompyuta omwe aja, ena anakhoza, ena analephera, monga zimakhalira.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma bambo aja anali ndi ntchito ina. Dalaivala aliyense mu kenelo amakhala ndi kandime kofotokoza kuti ndi wa zipangizo ziti, kuti munthu amene akumanga kenelo adziwe ngati akumufuna kapena ayi. Kandime kakale, kamene analemba okha ali achinyamata, kankalonjeza banja lonse la machipu. Anati tsopano akuchita nako manyazi, chifukwa mwa onsewo ndi mtundu wathu wokha umene pali munthu woti angauchitire umboni. Anandipempha kuti katsopano ndilembe ndine.

Ndinalemba kuti dalaivalayu amagwira bwino ntchito pa chipu chakutichakuti. Anandibwezera ndi funso lakuti bwino ameneyo akutanthauza chiyani. Ndinayambiranso. Chithunzi chimatuluka pa kukula kwake koyenera. Kamuvi ka mausi kamayenda. Kanema amaonetsa, koma akakhala wamkulu amadukaduka. Kompyuta ukaigoneka, podzuka chithunzi sichibwerera, mpaka uizimitse n'kuyatsanso. Za kulumikiza masikirini awiri ndinalemba kuti sizigwira. Anandifunsa ngati ndinayesa. Sindinayese, tinalibe waya wake.

"Ndiye musalembe kuti sizigwira," analemba choncho. "Lembani kuti sizinayesedwe. Wina adzawerenga zimenezi ali yekha, sikirini yake itada, ndipo adzakhulupirira mawu aliwonse amene mwaikapo."

Kandime kosakwana dzanja kanatitengera masabata. Titakaika pabwalo, munthu uja amene anapempha kuti dalaivala achotsedwe ndi amene anakawerenga poyamba. Anakonza Chingerezi changa malo ena, n'kuvomereza, popanda mawu aliwonse owawa. Pansi pa chigamba analemba dzina langa monga woyesa. Ndinamuonetsa mkazi wanga pa foni. Anati zilembo zake n'zazing'ono kwambiri, koma anaitanitsa foniyo kachiwiri madzulo ake kuti aonenso.

Kuyambira pamenepo, kenelo yatsopano ikatuluka ndinkaiyesa n'kutumiza lipoti. Nthawi zambiri linkakhala la mzere umodzi, lonena kuti zonse zili monga kale, ndipo bambo aja ankayankha ndi liwu limodzi lothokoza. Mwana wathu woyamba anabadwa, wachiwiri anabadwa, netiweki inafika bwino ku Rivirivi ndipo maulendo a ku Machinga anatha. Chaka china malungo anandigoneka ndipo lipoti linachedwa. Nditadzuka ndinapeza uthenga wawo, wosafunsa za chipu ayi, wongofunsa ngati kuno kuli bwino. Ndinawafotokozera. Anati ndimalize mankhwala onse, kenelo ikhoza kudikira.

Kenako mayankho awo anayamba kuchedwa. Munayambanso kupezeka zilembo zolakwika, chinthu chimene sichinkachitika. Tsiku lina analemba kuti manja awo sakuwamveranso, akulemba ndi chala chimodzi, ndipo china chikathyoka ndizilemba pabwalo, osati kwa iwo okha. Ndinawafunira kuchira.

Uthenga wa imfa yawo ndinauwerenga ndili kwathu ku Ngokwe, pa tchuthi, anthu atakolola. Unalembedwa pabwalo ndi mnzawo wina, amene anati wadziwitsidwa ndi mwana wamkazi wa malemuwo, ndipo maliro anaika kale. Ndinali pa khonde ndi ababa, tikutonola chimanga. Anaona kuti manja anga aima, nandifunsa chimene chachitika. Ndinawafotokozera nkhani yonse kuyambira pachiyambi, mmene ndikanathera m'Chiyao. Za kenelo sanazimve, ndipo sanayerekeze kuti azimva. Ananena mawu aja amene Asilamu timanena tikamva za imfa, kenako anafunsa kuti munthuyo kwawo n'kuti, anali wa chipembedzo chanji, wasiya ana angati. Zonsezi sindinkazidziwa bwino. Ababa anaika chitsononkho pansi, nati:

"Munthu wakuthandiza zaka zonsezi, ndiye wapita popanda wa kwathu kuno wokapepesa?"

Ndinati ndi kutali kwambiri. Anati zoti ndi kutali akudziwa, koma mawu amafika. Kodi si pa foni yomweyo pamene ndinkalemberana naye?

Ndinapempha mnzawo uja kuti andiperekere uthenga kwa mwana wa malemuwo, ndipo anavomera. Ababa ndi amene anandiuza zolemba, ine n'kumasandutsa m'Chingerezi: kuti ife a ku Ngokwe tamva, kuti chisonichi chili kunonso, kuti bambo awo anathandiza ana a anthu amene sankawadziwa, ndipo kwathu munthu wotero sitimuiwala. Anandiuzanso kuti ndiwerenge mokweza ndisanatumize, ngakhale sakanamva liwu ndi limodzi lomwe.

Yankho linachedwa, ndinali nditabwerera kale ku sukulu. Mayiyo analemba kuti ankadziwa kuti bambo ake amakhala nthawi yaitali pa kompyuta m'kachipinda kawo, koma sankakamba zambiri za zimene ankachita. Anakumbukira kuti chaka china bambo akewo anakana ulendo wa banja, nanena kuti pali sukulu ina imene mayeso ake ayandikira. Panthawiyo anakhumudwa nawo. Anafunsa ngati ana akugwiritsabe ntchito makompyutawo. Ndinati inde, ndipo a hedi atandiloleza ndinamutumizira chithunzi cha kalasi, ana atatembenukira ku masikirini. Nditapitanso ku Ngokwe ndinawawerengera ababa yankholo. Anagwedeza mutu, nati tsopano zakhala bwino.

Mu kenelo amalemba amene akuyang'anira chigawo chilichonse. Patapita nthawi dzina la malemu linachotsedwa, ndipo pa malo pake anaika liwu limene amaika pa chigawo chopanda mwini. Liwulo limatanthauza wamasiye. Ndikudziwa kuti kwa iwo ndi liwu la ntchito chabe, koma ine, amene m'kalasi iliyonse ndinali ndi ana oleredwa ndi azakhali awo kapena amalume awo, sindinathe kuliwerenga mopepuka. Wina anandifunsa ngati ndingalowe m'malo mwawo. Ndinaganiza ndithu, kenako ndinakana. Kuyesa ndi kufotokoza ndinkatha, koma kulemba dalaivala iyayi, ndipo dzina langa pamenepo likanapatsa anthu chiyembekezo chabodza. Ndinapitiriza kutumiza malipoti. China chikathyoka pankapezeka wachifundo wokonza, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwa kwambiri.

Makompyutawo ankatha imodziimodzi. Kutentha kwa ku Balaka mwezi wa Okutobala sikusiya chitsulo. Tizitini ta m'kati tinkatupa n'kung'ambika pamwamba, mafani ankauma n'kuima. Dzinja lina mphezi inagunda pafupi n'kutenga zingapo tsiku limodzi. Ndinkachotsa ziwalo za yakufa n'kuika mwa yamoyo. Sukulu inalandira malaputopu atsopano, ndipo ana anayamba kuwathawa akale aja, sindikanawaimba mlandu. Yomaliza ndinaiika pakona, ndinkaiyatsa pongoyesera kenelo basi. M'mawa wina wa chilimwe inakana kuyaka. Ndinasintha chilichonse chimene ndikanasintha. Ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi ku Balaka, anaipima ndi mita yake, nati bolodi la m'kati lonyamula zipangizo zonse lapsa ndipo lina lotere sindingalipeze.

Nkhaniyi ndinakhala nayo kanthawi osauza munthu. Palibe akanadziwa. Dalaivala akanakhalabe mu kenelo, kandime kathu kali pomwepo. Koma kandimeko kankanena kuti zinthuzi zimayesedwa, ndipo tsopano woyesa panalibe. Anthu ena akanapitiriza kuvutika ndi kusamalira malemba amene palibe angawaone akugwira ntchito. Ndinalemba pabwalo kuti kompyuta yathu yomaliza yafa, kuti sindingathenso kuyesa, ndipo ngati palibe wina, ife a ku Rivirivi sitikuletsanso.

A pabwalopo anayankha mwaulemu. Anati adikira mpaka kenelo ina ituluke, mwina kwinakwake kuli wina amene angalankhule. M'miyezi imeneyo ndinkatsegula bwalolo m'mawa ndisanalowe m'kalasi, ndikuyembekeza munthu wina, wa dziko lililonse, woti anene kuti ife tikadali nazo. Sanapezeke. Chigamba chochotsa dalaivalayo chinabwera, chachitali, mzere uliwonse uli ndi kachizindikiro kochotsera kumayambiriro kwake. Ndinatsika nacho pang'onopang'ono mpaka ndinapeza kandime kaja. Pamwamba pa chigambacho anaikapo mawu othokoza malemu ndi ine.

Ndinapita ku ofesi kukawauza a hedi, amene panthawiyo anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ndinawapeza akusayina makalata a ana osamukira ku sukulu zina. Ndinafotokoza mwachidule nditaimirira, ndikuganiza kuti angogwedeza mutu, pakuti pa sukulupo sipanasinthe chilichonse. Anaika cholembera pansi, navula magalasi.

"Pepani, aphunzitsi," anatero. "Khalani pansi kaye."

Ndinakhala pa mpando wa alendo. Anandifunsa kuti ababa ali bwanji ku Ngokwe, ndinati miyendo ikuwavuta koma kumunda akupitabe. Anati chaka chino mvula ikuoneka kuti ichedwa. Belu litalira ndinatsanzika, n'kupita kukalasi.